Kalata yotseguka kwa Nduna yoona za maphunziro apamwamba: funso lakuti "ndife ayani" lilibe khomo m'sukulu zathu za ukachenjede

Olemekezeka a Nduna,

Ndasankha kukulemberani poyera chifukwa nkhani imene ndabwera nayo si yanga ndekha, ndipo ndikufuna kuti aphunzitsi anzanga ndi ophunzira athu aiwerenge pamodzi ndi inu. Ndine mphunzitsi pa sukulu ina ya ukachenjede, ndipo kwa zaka zambiri ndakhala ndikuyang'anira ophunzira amene akuchita kafukufuku wa digiri yachiwiri. Pempho langa ndi lakuti unduna wanu upereke malo, ndalama ndi chitetezo ku maphunziro ofufuza momwe munthu amadzidziwira kuti iye ndi yani, momwe gulu limadzidziwira kuti ilo ndi ayani, ndiponso momwe mawailesi, nyuzipepala, masamba a mchezo, chikhalidwe ndi mabungwe zimaumbira mayankho a mafunso awiriwa. Maphunzirowa alipo padziko lonse, ali ndi akatswiri ake ndi njira zake zofufuzira, koma m'sukulu zathu ndi mwana wamasiye amene aliyense amamumvera chisoni popanda womutsegulira chitseko.

Chimene chandikakamiza kulemba ndi zimene zinachitikira wophunzira wanga wina. Mtsikanayu anabwera mu ofesi yanga atanyamula masamba 12 a ndondomeko ya kafukufuku wake. Iye anali atagwirapo ntchito pa kampani ina imene inaphatikizidwa ndi inzake, ndipo anaona kuti patapita zaka zitatu chiphatikizireni, antchito ankakhalabe pa matebulo osiyana nthawi yopuma, anali ndi magulu awiri a WhatsApp, ndipo ankatchulana kuti "akwathu" ndi "obwera" ngakhale kuti malipiro awo ankachokera m'thumba limodzi. Bambo wina wachikulire ankavalabe malaya a kampani yakale mkati mwa yunifolomu yatsopano, kolala yake ikuonekera pang'ono pakhosi, ndipo aliyense ankadziwa tanthauzo lake. Wophunzirayu ankafuna kudziwa chifukwa chimene dzina lofafanizidwa pa chikwangwani limapitirira kukhala ndi moyo m'mitima ya anthu. A nthambi ya zamalonda anamuuza kuti imeneyo ndi nkhani ya chikhalidwe cha anthu. A zachikhalidwe anati popeza watchula WhatsApp ndi kanyuzipepala ka kampani, apite kwa a zautolankhani, ndipo a zautolankhani anamubweza kwa a zamalonda. Atatopa ndi kukankhidwa uku ndi uku, anasintha mutu n'kulemba za masiku a tchuthi a antchito, ndipo anakhoza bwino ndithu, koma funso lake lenileni linatsala m'kabati.

Ndikufuna ndikusonyezeni, a Nduna, kuti funso lotereli lili ndi mayankho amene angathe kuyesedwa, pakuti ambiri amaganiza kuti ndi nkhani yongocheza pansi pa mtengo. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970, katswiri wina dzina lake Henri Tajfel, amene anali Myuda wobadwira ku Poland ndipo anataya abale ake ambiri pa nkhondo yachiwiri ya padziko lonse, anasonkhanitsa anyamata asukulu mumzinda wa Bristol ku England. Anawaonetsa zithunzi zojambulidwa ndi Paul Klee ndi Wassily Kandinsky, kenako anawauza kuti awagawa m'magulu awiri molingana ndi zithunzi zimene aliyense wakonda, pamene zoona zake anangowagawa mwachisawawa. Anyamatawo sankadziwa kuti mnzawo wa m'gulu ndi uti, panalibe mkangano wakale pakati pawo, ndipo palibe chimene munthu akanapindula payekha. Komabe atapatsidwa mwayi wogawira anzawo timphatso tandalama, ankakondera a gulu lawo, ndipo nthawi zambiri ankalolera kuti gulu lawo lilandire zochepa bola lipose gulu linalo. Kuchokera pamenepo Tajfel ndi mnzake John Turner anafotokoza mu 1979 kuti munthu amatenga gawo la ulemu wake kuchokera ku gulu limene amadziwerengeramo, n'chifukwa chake mzere ukangojambulidwa pakati pa anthu, ngakhale wopanda pake, umayamba kugwira ntchito.

Funso lalikulu ndiye ndi lakuti amajambula mzerewo ndani, ndipo n'chifukwa chiyani mizere ina imatentha pamene ina imazizira. Fredrik Barth wa ku Norway anaphunzitsa mu 1969 kuti chimene chimasunga mtundu wa anthu ndi malire amene anthu amawasamalira pakati pa "ife" ndi "iwo", ndipo malirewo angathe kukhalapo ngakhale miyambo ya mbali ziwirizo itasintha kapena itafanana. Umboni wake suli kutali. Mu 2004 Daniel Posner anasindikiza zotsatira za kafukufuku amene anachita m'midzi ya Achewa ndi Atumbuka mbali zonse ziwiri za malire a Malawi ndi Zambia. Kusiyana kwa chilankhulo ndi miyambo pakati pa mitundu iwiriyi kunali kofanana mbali zonse, koma atafunsa anthu ngati angavotere kapena kukwatirana ndi munthu wa mtundu winawo, okana anali ambiri ku mbali ya Malawi kusiyana ndi ku Zambia. Iye anafotokoza kuti ku Malawi mitundu iwiriyi ndi yaikulu poyerekeza ndi dziko lonse, moti andale amaiona ngati nkhokwe za mavoti zoyenera kuzilimbanirana, pamene ku Zambia ndi yaing'ono ndipo yonse imangowerengedwa pamodzi ngati anthu a kum'mawa. Wina angatsutse mbali zina za kafotokozedwe kameneka, ndipo kutsutsako n'kumene ndikufuna kuti ophunzira athu azichita ali ndi umboni wawo m'manja. Chimene chimandiwawa n'chakuti mafunso okhudza ife eni amafunsidwa ndi alendo, ife n'kumawerenga mayankho ake m'magazini a akatswiri amene malaibulale athu amavutika kuwalipira.

Mbali ya zofalitsa nkhani ndi imene imandidetsa nkhawa kwambiri. Ku Rwanda, boma la atsamunda la Belgium linayamba kulemba mtundu wa munthu pa chiphaso chake m'zaka za m'ma 1930, ndipo mawu akuti Hutu, Tutsi kapena Twa anakhala chinthu chosasinthika chimene munthu ankayenda nacho m'thumba. Mu 1993 wailesi ya RTLM inayamba kuulutsa mawu, ikusakaniza nyimbo zokoma ndi nthabwala zonyoza Atutsi, ndipo mu 1994 anthu ankaphedwa pa zipata za m'misewu atangoonetsa ziphaso zawo. Patapita zaka 20, David Yanagizawa-Drott anagwiritsa ntchito mapiri a dzikolo ngati muyeso: midzi ina inkaimva bwino wailesiyo pamene ina yoyandikana nayo inkatchingidwa ndi phiri. Poyerekeza midziyo anapeza kuti pafupifupi gawo limodzi mwa magawo 10 a anthu amene anatenga nawo mbali pa kuphako lingathe kulumikizidwa ndi mawu a wailesiyo. Ku Myanmar nako, kampani ya Facebook inavomera mu 2018 kuti sinachite zokwanira poletsa kuti tsamba lake ligwiritsidwe ntchito pofesa chidani, pa nthawi imene Arohingya, mtundu wa anthu ochepa a Chisilamu m'dzikolo, ankazunzidwa.

Koma chida chomwecho chimathanso kumanga, ndipo apa m'pamene kafukufuku amaposa kungoganizira. Elizabeth Levy Paluck anatsatira kwa chaka chathunthu magulu a anthu ku Rwanda amene ankamvera sewero la pa wailesi lolimbikitsa chiyanjano, n'kuwayerekeza ndi ena amene ankamvera sewero la zaumoyo. Zotsatira zake, zimene zinatuluka mu 2009, zinasonyeza kuti zikhulupiriro za mumtima mwa omvera sizinasinthe kwenikweni, koma maganizo awo pa zimene anthu anzawo amaziona kuti n'zovomerezeka anasintha, ndipo khalidwe lawo linatsatira pomwepo. Boma lililonse limene limawononga ndalama pa mauthenga a umodzi liyenera kudziwa kusiyana kumeneku lisanalipire ngakhale mphindi imodzi ya pa wailesi.

Za mabungwe ndinena mwachidule. Stuart Albert ndi David Whetten analemba mu 1985 kuti bungwe nalo limadzifunsa kuti ndife ayani, ndipo limayankha potchula chimene chili pamtima pake, chimene chimalisiyanitsa ndi ena, ndi chimene chimakhalitsa. Kafukufuku wa Marianne Bertrand ndi Sendhil Mullainathan wa mu 2004 anasonyeza mbali yowawa ya nkhaniyi: anatumiza makalata ofunsira ntchito pafupifupi 5,000 ku Boston ndi Chicago, ofanana m'maphunziro koma osiyana mayina, ndipo mayina omveka ngati a azungu anaitanidwa kochuluka ndi theka poyerekeza ndi mayina omveka ngati a anthu akuda. Bungwe lalikulu koposa m'dziko lililonse ndi boma, a Nduna, ndipo boma limajambula mizere tsiku lililonse kudzera m'mafomu, m'kalembera wa anthu, m'ziphaso ndi m'ndondomeko zosankhira ophunzira ndi antchito. Kabokosi kalikonse ka pa fomu kamene kamafunsa munthu kumene amachokera kamamuphunzitsanso kuti yankho lake lili ndi mtengo. Sindikunena kuti mafunso oterowo achotsedwe onse, pakuti ena amathandiza kuona amene akusalidwa, koma payenera kukhala anthu ophunzira amene angauze boma zimene kabokosi kalikonse kamabala pakapita zaka.

Ndikudziwa zimene alangizi anu angayankhe. Adzati ndalama n'zochepa ndipo ziyenera kupita ku sayansi, ku zaumoyo ndi ku luso la zomangamanga. Sindikulimbana ndi maphunziro amenewo, ndipo ndikuvomera kuti dziko silingadye nzeru za chikhalidwe zokha. Koma katemera amakanidwa pamene anthu ayamba kumuona ngati chinthu cha "iwo", ndipo ntchito yachitukuko imaima pamene antchito ake agawanika ngati a pa kampani ija, choncho dokotala ndi injiniya nawo amafunika wina wowamasulira anthu amene akuwatumikira. Komanso kafukufuku wamtunduwu safuna nyumba zoyesera zinthu zodula. Amafuna nthawi, ulendo, chojambulira mawu ndi woyang'anira wodekha. Ena adzati kufufuza za mitundu ndi magulu n'kudzutsa zogona. Yankho langa n'lakuti zinthuzi sizinagone, zili maso pa masamba a mchezo usiku ndi usana, ndipo amene akhala chete ndi akatswiri okha.

Mantha amene ndimawalemekeza ndi ena: kuti maphunzirowa akalandira ndalama za boma angasanduke chida chotamandira olamulira, kapena angatsekedwe tsiku limene anena zosakomera akuluakulu. Ngakhale m'mayiko olemera sakhala otetezeka. Likulu lofufuza za chikhalidwe chamakono la pa yunivesite ya Birmingham, limene Richard Hoggart analikhazikitsa mu 1964 ndipo Stuart Hall analitsogolera pambuyo pake, linaphunzitsa dziko lonse kuwerenga nyuzipepala ndi kanema ngati malo amene anthu amaumbidwiramo, koma nthambi imene inalowa m'malo mwake inatsekedwa mu 2002. N'chifukwa chake ndikupempha chitetezo pamodzi ndi ndalama, ndipo ndikanati ndisankhe chimodzi, ndikanasankha chitetezo.

Zimene ndikupempha n'zotheka popanda kumanga nyumba yatsopano. Unduna wanu ulimbikitse sukulu za ukachenjede ndi bungwe lovomereza maphunziro kuti zilole wophunzira kukhala ndi oyang'anira ochokera m'nthambi ziwiri kapena zitatu, ndi kuti digiri yake izindikiridwe mokwanira ngakhale kuti siikwana m'kabati ya nthambi imodzi. M'thumba la ndalama za kafukufuku mukhale gawo lodziwika la mitu yotereyi, ndipo osankha opindula akhale akatswiri, osati akuluakulu a ndale. Pakhalenso lamulo lakuti mawailesi ndi makanema azisunga zimene aulutsa, makamaka pa nthawi ya chisankho, n'kuzipereka ku malo osungira mbiri ya dziko, chifukwa wofufuza sangayese mawu amene anauluka ndi mphepo, ndipo ntchito yonga ija ya Yanagizawa-Drott ku Rwanda inatheka chifukwa chakuti panali zolembedwa zosonyeza kumene kunali zida zoulutsira mawu ndi amene anazengedwa milandu. Pomaliza, ophunzira aloledwe kufunsa mafunso, kusunga mayankho ndi kufalitsa chidule cha zimene apeza m'zilankhulo zimene anthu ofunsidwawo amalankhula, pakuti munthu akamafotokoza kuti iye ndi yani, mawu amene wasankha ndiwo umboni weniweniwo, ndipo womasulira akawasalaza amakhala atataya theka la kafukufuku.

Wophunzira wanga uja akufuna kubwerera kudzachita digiri yachitatu, ndipo wandifunsa ngati tsopano pali nthambi imene ingalandire masamba ake 12 aja. Sindinamuyankhe. Ine ndi anzanga angapo ochokera ku nthambi za zamalonda, zachikhalidwe ndi zautolankhani takonza ndondomeko ya momwe maphunzirowa angayendetsedwere, ndipo tili okonzeka kudzaifotokoza kwa inu kapena kwa akuluakulu a unduna wanu tsiku lililonse limene mungatipatse chaka cha maphunziro chikubwerachi chisanayambe.

Ine wanu mwaulemu,

Mphunzitsi wa pa sukulu ya ukachenjede