Bilu ya ngozi zachinyengo yatiiwala ife a timagalimoto

A Mkonzi,

Ndiloleni ndilankhulepo pa bilu ija aphungu Mike Collins ndi Brandon Gill anapereka ku Congress, nyumba ya malamulo ya ku America, mu April 2025, yoti woombetsa dala galimoto kuti adye ndalama za inshulansi azikagwira ukaidi mpaka zaka 20. Ndinaomba m'manja, koma manja anazizira nditamva kuti ikuteteza magalimoto a malonda okha, monga mathiraki.

Mwezi wathawu ndikuweruka usiku, galimoto ina inandilowerera kutsogolo n'kuponda mabuleki mwadzidzidzi, magetsi akumbuyo osayaka n'komwe. Ndinangoikhudza, bampala yokha ndiyo inapindika. Taonani anthu anayi akutuluka, aliyense dzanja pakhosi, kubuula mogwirizana ngati kwaya. Mmodzi foni italira anayankha bwinobwino, khosi likutembenuka uku ndi uku, atamaliza n'kuligwiranso. Mboni nayo inangotulukira mumdima, nkhani yonse ili nayo pamtima. Wapolisi anati wagunda kumbuyo ndiye wolakwa, basi. Pasanathe sabata kalata ya loya inali itafika, ati anthu aja akufunika chithandizo cha msana cha miyezi. Msana! Pa bampala yopindika!

Ndiye ndifunse a Collins: khosi labodza limasanduka mlandu waukulu pokhapokha mwini wake akaloza thiraki? Sindikukana, a mathiraki avutikadi. Ku New Orleans anthu oposa 40 anavomera milandu yoombetsa dala magalimoto pa mathiraki, loya ali m'gulu momwemo. Koma Alice Ross, gogo wa zaka 71 amene anafa mu 2003 ku Queens, mumzinda wa New York, pa ngozi yokonza dala, sankayendetsa thiraki. New York inadikira mpaka 2019 kuti isayine lamulo la dzina lake lolanga okonza ngozi dala. Zaka 16! Nanga kanema uja wa pa msewu wa Belt Parkway ku New York mu October 2024, galimoto ikubwerera m'mbuyo dala kukaomba inzake, munali thiraki mmenemuja?

Nawo a inshulansi asatinamize kuti akulira. Akaona kuti kufufuza kudya ndalama zambiri, amangolipira mbavazo kuti nkhani ithe, chaka chamawa n'kukweza ndalama zomwe ife timapereka. Ukaimba foni kuti ufotokoze zomwe unaona ndi maso ako, amakumvetsera nyimbo mpaka batire kutha. Mbava yadya, loya wadya, kachipatala kolemba malisiti abodza kadya, wolipira ndine amene ndinkangopita kwathu kukagona.

Aphungu awonjezere mawu ochepa okha kuti biluyi ikhudze galimoto iliyonse. Loya kapena dokotala wopezeka m'chiwembu alandidwe chiphaso, ndipo woika kamera m'galimoto azimuchotserako ndalama za inshulansi. Yanga ndagula dzulo, madzi atafika kale m'khosi.

Ine wanu,
Woyendetsa kagalimoto ka bampala yopindika