Lipoti la ulendo wa ku Maputo: gasi ndi mipando ya mabwana

A Wapampando, a komiti ndi mamembala nonse,

Ndabwerako bwino ku msonkhano wa za gasi. Munandituma ndi mafunso awiri: injiniya wa kuno angakwere bwanji mpaka kukhala bwana m'kampani ya gasi, komanso ngati ntchitoyi ili ndi tsogolo pamene maiko akukamba zosiya malasha ndi mafuta. Malisiti a ulendo ali kale kwa msungichuma ndipo chenji ndabweza.

Ndiyambe ndi kudziulula. Kuno tikati gasi timaganiza za silinda ya kukhitchini, ndipo ine ndinafika ndi maganizo omwewo. Pa nthawi ya tiyi tsiku loyamba ndinafunsa mnzanga wina wa ku Beira kuti gasi wa ku Cabo Delgado, kumpoto kwa Mozambique, ayamba liti kutsitsa mtengo wa silinda ku Blantyre. Anaseka mpaka kuika kapu pansi. Wa m'silinda ndi LPG. Wa ku Rovuma, ku Cabo Delgado komweko, ndi methane wochokera pansi pa nyanja, ndipo kuti akwere sitima amamuziziritsa kufika pa -162 digiri, asanduke madzimadzi n'kuchepa ka 600. Ameneyo ndiye LNG, ndipo msika wake uli kutsidya kwa nyanja.

Mbiri yake mwachidule: kampani ya Anadarko inapeza gasi ku Rovuma mu 2010, ya Eni mu 2011. Fakitale yoyandama ya Eni, Coral Sul, yomwe inapangidwa ku South Korea, inatumiza katundu woyamba mu Novembala 2022. Imatha kutulutsa matani 3.4 miliyoni pachaka, ndipo onsewo anagulidwiratu ndi BP kwa zaka 20. Ntchito ya LNG ya TotalEnergies ku Afungi, ku Cabo Delgado, ya madola pafupifupi 20 biliyoni, inaima mu Epulo 2021 zigawenga zitaukira tawuni ya Palma. Kumwera, Sasol yakhala ikupopa gasi wa ku Pande ndi Temane kuyambira 2004, kudzera m'paipi ya makilomita 865 yopita ku Secunda, ku South Africa.

Tsopano za mipando, zomwe ndi zimene munanditumira kwenikweni.

Ndinapita ndikuganiza kuti bwana wa kampani ya gasi ndi injiniya amene anaphunzira kwambiri kuposa anzake. Si choncho ayi. Pa anthu amene anakhala kutsogolo pa zokambirana za ntchito, ena analidi mainjiniya, koma ena anali a zamalamulo, a zachuma ndi a zamalonda. Chifukwa chake n'chomveka mukaona mmene ndalama imayendera. Fakitale ya LNG simangidwa ngati palibe wogula amene wasaina kuti azitenga katundu kwa zaka 15 kapena 20, chifukwa mabanki amabwereketsa poona kontirakiti imeneyo. Ndiye munthu wodziwa kuwerenga kontirakiti, wodziwa mmene mtengo wa gasi amaumangirira ku mtengo wa mafuta, komanso wotha kukambirana ndi boma popanda kutaya mtima, amakwera msanga kuposa katswiri wa makina amene sanatulukepo mu wekishopu. Izi zinandiwawa pang'ono monga injiniya, koma ndi mmene zilili.

Mayi wina amene tsopano amayang'anira chitetezo cha antchito pa fakitale ina anatifotokozera njira yake. Anayamba ndi mashifiti a usiku, ovololo ndi chipewa cholimba, akulemba manambala a mamita m'buku. Kenako anamupatsa timu yaing'ono, kenako bajeti, ndipo digiri yachiwiri anaichita ali kale pa udindo. Nditamufunsa chimene mabwana amayang'ana posankha wowalowa m'malo, anatchula zinthu zosakometsa: zaka zimene wakhala pa saiti, ngati pa shifiti yako sipanavulalepo munthu chifukwa cha kunyalanyaza, ndiponso ngati unayamba waimitsapo ntchito chifukwa cha chiopsezo ngakhale akuluakulu akukalipa. Anzathu amene mukusunga ndalama za MBA (digiri yachiwiri ya za bizinesi) mukuganiza kuti pepalalo lidzakutsegulirani chitseko palokha, mfundoyi muimvetse.

Palinso njira ya boma imene ambiri sitiiganizira. Ku Mozambique kuli ENH, kampani ya boma yokhala ndi masheya m'mapulojekitiwa, ndi INP yomwe imayang'anira malamulo. Mu 2023 nyumba ya malamulo inavomereza thumba lapadera losungiramo gawo la ndalama za gasi, ndipo limasungidwa ndi Banco de Moçambique. Malo onsewa amafuna anthu odziwa kuwerengera ndalama zimene makampani amati agwiritsa ntchito. Koma tisadzinamize: mipata imeneyi ndi ya eni dziko poyamba, ndipo popanda Chipwitikizi sungapite patali. Ine ndinakhala masiku onse ndi mahedifoni a womasulira kukhutu, ndipo nthabwala ndinkaimva anzanga atasiya kale kuseka.

Funso lachiwiri ndi limene linautsa mkangano. A makampani amati gasi ndi mlatho wochoka ku malasha kupita ku magetsi a dzuwa ndi mphepo. Mfundo yawo ili ndi mutu: popanga magetsi, gasi amatulutsa pafupifupi theka la mpweya woipa umene malasha amatulutsa, ndipo makina ake amayaka msanga dzuwa likalowa. Otsutsa anakumbutsa kuti methane akathawa m'mapaipi amatenthetsa dziko kuposa carbon dioxide koposa ka 80 m'zaka 20 zoyambirira. Anafunsanso kuti mlathowo ndi wa ndani, ngati gasi akupita ku Ulaya ndi ku Asia pamene midzi ya m'mphepete mwa Afungi inasamutsidwa. Ine ndinaona kuti onse ali ndi chowonadi chawo, koma yankho la makampani pa funso loti mlathowo ndi wa ndani linali lozembazemba. Chimene ndinatolapo pa nkhani ya ntchito n'chakuti woyeza ndi kutseka methane wothawa, komanso wodziwa kukhala pansi ndi mafumu pa nkhani ya malo ndi chipukuta misozi, sakuonedwanso ngati wantchito wapambali.

Nanga ife? Malawi satulutsa gasi, ndipo sindikulangiza aliyense kusiya ntchito n'kumadikira foni ya ku Palma. Khomo lathu ndi magetsi. Tonse tikukumbukira mdima wa 2022, namondwe Ana atawononga Kapichira n'kutichotsera mamegawati pafupifupi 130 nthawi imodzi. Kudalira mtsinje wa Shire wokha n'kumene kunatipweteka. Mzere wa 400 kV wochoka ku Matambo ku Tete kufika ku Phombeya m'boma la Balaka ndi umene unakonzedwa kuti utilumikize ndi anzathuwa, omwe ali kale ndi siteshoni ya gasi ku Ressano Garcia ndipo anayamba kumanga ina ya mamegawati 450 ku Temane. Kugula ndi kugulitsa magetsi kudutsa malire kumafuna anthu omwe aja odziwa makontirakiti ndi mitengo, ndipo ESCOM, EGENCO ndi MERA adzawafuna. LPG nayonso, ngakhale ndinasekedwa nayo, ndi bizinesi yofunika oyang'anira odziwa chitetezo m'dziko limene makala akumaliza mitengo.

Choncho ndikupempha komiti iganizire zoyambitsa kalasi ya Chipwitikizi Loweruka lililonse. Mwa mamembala athu muli awiri ochokera ku Angónia, ku Mozambique, amene angatiyambitse, tingowapatsa ya thiransipoti. Ndikupemphanso kuti pa msonkhano wotsatira tiitane loya wodziwa makontirakiti a magetsi, atiwerengere imodzi ndime ndi ndime, ngakhale zitatenga masana onse. Mapepala amene ndinabwera nawo ndawasiya kwa mlembi. Ambiri ali m'Chipwitikizi, ndiye amene akuwafuna msanga ayambe walembetsa kalasiyo.

Ine nthumwi yanu.