Kodi mayi woyenda yekha azinyamula mtchatho wa ukwati?

A Mkonzi,

Ndipatseniko danga ndilavule chomwe chandikhala pakhosi kuyambira tchuthi cha Khrisimasi.

Ndine mphunzitsi wa pulayimale kuno ku Salima, wa zaka 52. Ana anakula, bambo awo anatisiya kale. Chaka chonse ndinkaponya ku banki m'khonde, ndiye titagawana ndinati nane ndikaliwone dziko langali: masiku awiri ku Nkhotakota, kenako Nkhata Bay, n'kukwera Ilala mpaka ku Likoma. Ndekha, ndi ndalama zanga. Paja a unduna wa zokopa alendo amatiuza pa wailesi kuti tidziyamba ndife Amalawi?

Minibasi ya pa Kamuzu Road mukuidziwa, sinyamuka isanadzaze, ndipo msewu wa M5 sindichita kukuuzani. Tinalowa m'boma la Nkhotakota kutada. Wakabaza ananditula pa loji ina ya kunyanja. Mnyamata wolandira alendo, msinkhu wa mwana wanga wachitatu, anandiyang'ana kuyambira kuduku mpaka kunsapato, kenako anasuzumira kumbuyo kwanga.

"Abambo akubwera m'mbuyomo, mayi?"

"Ayi mwana wanga, ndili ndekha."

"Ndiye pepani, abwana anatiletsa kugoneka azimayi okha. Amatibweretsera chisokonezo."

Chisokonezo! Ine ndi imvi zangazi, Baibulo ndi mankhwala a BP m'chikwama, ndiye ndikasokoneze ndani? Ndinatulutsa chiphaso cha unzika, osachiyang'ana n'komwe. Ndinayala ndalama patebulo, akuti nkhani si ndalama. Ndili chiimire pomwepo, kunatulukira kamtsikana kachizungu, chikwama chachikulu kumsana, kabudula wam'ntchafu, kali kokha ngati ine. Mnyamata uja mano onse pamtunda, chikwama kukalandira, kiyi m'manja, n'kukaperekeza mpaka pakhomo la chipinda. Kameneko ndiye "mlendo". Ine ndine woyendayenda.

A Mkonzi, njovu pafupifupi 500 zomwe anazisamutsa ku Liwonde ndi ku Majete kubwera nazo ku nkhalango ya Nkhotakota mu 2016 ndi 2017 zinalandiridwa mwaulemu kuposa ine, chonsecho palibe njovu yomwe inafunsidwa kuti mwamuna wake ali kuti.

Ndinakagona pa resitihausi ina yoyandikana ndi bala, mpando nditatsekereza kuchitseko, zovala zili m'thupi. Kawiri konse munthu anagogoda, "Asisi, tsegulani ticheze." Tulo tikanachokera kuti? Kale mayi wopezeka yekha malo otere amangotoledwa pa mlandu wa vakabu. Khoti Lalikulu linagamula mu 2017, pa mlandu wa Mayeso Gwanda, kuti ndime ya lamulo la vakabu ikutsutsana ndi malamulo aakulu a dziko lino. Koma zikuoneka kuti vakabuyo sanafe, anangosamukira m'mitu ya eni maloji.

Si iwo okhanso. Kondakitala akakuona uli wekha, chikwama chako chimasanduka munthu wofunika kulipira mpando. Wogulitsa chambo pa Chia mtengo amaukweza chifukwa palibe bambo wokunenerera. Ngakhale anzanga a kumvano, nditabwerako funso lawo loyamba linali lakuti, "Nanga munapita ndi ndani?" kwinaku akutsinana. Mwamuna akayenda yekha timati wapita kukapitidwa mphepo. Mayi akayenda yekha, pokhapokha kukhale kumaliro kapena kukadwazika matenda.

M'mawa mwake ndinakakhala pansi pa mkuyu uja Livingstone anakumanirana ndi Jumbe wogulitsa akapolo, maso ali gwa ndi tulo. Zomwe woonetsa alendo malowo ankalongosola za akapolo owoloka nyanja zinkangondidutsa, mutu uli pa mnyamata uja.

Ndifunse a Nduna ya zokopa alendo: lamulo loletsa mayi kugona yekha pa loji lili pa tsamba liti? Nanga kamsonkho ka zokopa alendo komwe amationjezera pa bilu, ka mayi wamasiye simulandira? Bwanamkubwa wa boma la Nkhotakota akudziwa zimenezi? Tumizani oyendera malowa, akhale azimayi, apite okha usiku osanena kuti ndi ndani. Yemwe awabweze, laisensi ilandidwe pomwepo. Nambala yokadandaulirako imatidwe pakhoma pomwe timalembetsa mayina.

Pa Pasaka ndibwereranso pa loji yomweyo, ndekha ngati kale, nyuzi ino ili m'manja.

Mphunzitsi wokhumudwa,
Kamuzu Road, Salima