Kalata yotseguka kwa Mkulu wa bungwe loyang'anira maphunziro apamwamba la NCHE pa za mtengo wa maphunziro a netiweki

Bwana Mkulu,

Ine ndimagwira ntchito yolumikiza makompyuta m'maofesi muno mu Lilongwe, ndipo ndimalandira ophunzira obwera ku atachimenti. Pempho langa ndi ili: lamulani koleji iliyonse yophunzitsa za netiweki kuti izilemba poyera ndalama zonse zimene wophunzira adzalowetse mpaka kumaliza, komanso zida zimene ili nazo.

Kholo likamasankhira mwana sukulu limangoona fizi ya pa semesita basi. Kuli digiri ya zaka zinayi ku MUBAS, MUST kapena Mzuni, kuli dipuloma ku NACIT, kuli makoleji a ntchito zamanja a pansi pa TEVETA, kuphatikizapo makoleji omwe si aboma amene adzadza m'tauni muno. Zikwangwani zawo zonse zimalonjeza ntchito, koma kholo lilibe poyambira kuti lizisiyanitse.

Fizitu ndi gawo chabe. Mabwana ambiri olemba ntchito amafunsa satifiketi ya CCNA ya kampani yopanga zida za netiweki ya Cisco. Mayeso ake ndi madola 300, olipira mu ndalama zakunja, ndipo satifiketiyo imatha mphamvu pakapita zaka zitatu. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndalama ya mayesoyi inakwera tsiku lomwelo kwa aliyense wolandira makwacha. Ana ambiri amamva za mayesowa atamaliza kale sukulu, makolo atagulitsa kale mbuzi ndi fodya yense. Pamwamba pake pali laputopu, bando ya intaneti, lendi, ndi minibasi ya tsiku ndi tsiku kuchokera ku Area 25 kapena Kawale.

Chimene chimandipweteka kwambiri mtima ndi ichi, Bwana. Ndinalandirapo mtsikana wanzeru ndithu, dipuloma ili m'manja, wochokera ku koleji ina yodula. Nditampatsa chingwe cha netiweki cha Cat6, kamutu ka RJ45 koika kunsonga kwa chingwecho ndi chopanira, manja anayamba kunjenjemera. Timawaya tisanu ndi titatu ta m'kati mwa chingwecho ankadziwa kutitchula mitundu yake mwadongosolo, koma anali asanatigwirepo. Router ndi switch, zida zolumikizira makompyuta, anangoziona pa Packet Tracer, pulogalamu yoyeserera pa kompyuta imene Cisco imapereka ulere. Mwanayu sanalakwe kanthu. Analipira ndalama ya labu imene sanailowemo. Pomwe mnyamata wina wa koleji yotsika mtengo anakwera makwerero, kuyala chingwe m'denga, n'kulumikiza ofesi yonse isanakwane nthawi ya nkhomaliro.

Sindikunyoza digiri ayi. Wofuna kudzayang'anira netiweki ya banki kapena ya Airtel ndi TNM amafunika maphunziro ozama aja. Koma aliyense adziwe chimene akugula, makamaka amene watenga ngongole ya maphunziro yoti adzabweze.

Bungwe lanu limatulutsa kale mndandanda wa masukulu ovomerezeka, ndipo timayamika. Pambali pa dzina la koleji iliyonse onjezanipo mtengo wonse wa kosi, ngati mayeso akunja ali momwemo kapena ayi, ophunzira angati amagawana router imodzi, ndi omaliza angati apeza ntchito. Mukambirane ndi a TEVETA kuti nawonso achite chimodzimodzi, ndipo oyendera anu akapita kukolejiko azilowa mu labu n'kuyatsa zidazo, aone ngati zikuyakadi.

Ine wanu,
Mmisiri wa netiweki, Lilongwe