Kwa mwana wanga ku Geneva

Mwana wanga,

Kuno ku Dedza tili bwino, kungoti kuzizira kwa Juni kwafika poti mayi ako akugona atavala masokosi. M'mawa uno chifunga chinameza phiri lonse, ndiye ndinakhala pakhonde ndi tiyi kumaganizira zimene unandiuza Lamulungu, zoti chida chanu chaonetsa kanthu kachilendo ndipo ukufuna kukauza akuluakulu sabata ino.

Dekha kaye.

Ukuikumbuka nkhani ya wasayansi uja Wilson imene ndinkatopetsa nayo ana a Fomu 4? Mu 1894 anakakhala pamwamba pa phiri la Ben Nevis ku Scotland, kumene mitambo imatsika ngati kwathu kuno, ndipo atabwerako anayamba kupanga mtambo m'kabokosi. Pofika 1911, tinthu tosaoneka ndi maso tikadutsa m'kabokosimo tinkasiya kamzere ka timadontho. Kanthuko iye sankakaona. Ankaona pamene kadutsa, monga mlenje amadziwira kuti apa papita gwape. Makina anu aakuluwo a ku CERN, malo ofufuzira za tinthu totereti kumene ukugwira ntchitoko, ATLAS ndi CMS, amene ali pansi pa nthaka mamita ngati 100 m'mphanga yozungulira ya makilomita 27, nawonso amangowerenga mapazi. Koma mlenje wa nkhuli, phazi la mbuzi amaliyesa la gwape.

Mu 2011 gulu la OPERA ku Gran Sasso, ku Italy, linalengeza kuti tinthu tina tosaoneka ndi maso, ma neutrino ochokera ku CERN komweko, ulendo wa makilomita pafupifupi 730, akuoneka kuti afika mofulumira kuposa kuwala ndi ma nanosecond 60 (kachigawo kochepetsetsa ka sekondi), pamene sayansi imati palibe chothamanga kuposa kuwala. Nkhani inali m'kamwam'kamwa dziko lonse. Chaka chotsatira kunapezeka kuti chingwe china cha fibre sichinalumikizidwe bwino. Ndipo amenewo sanali anthu wamba.

Ine zinandionekeranso, ngakhale sindinakuuzepo. Pasukulu ina imene ndinkaphunzitsa tinali ndi Geiger counter imodzi yokha, chida chija chimalira chikapeza radiation, mphamvu yosaoneka yotuluka m'zinthu ngati uranium, chimene Geiger ndi Müller anachikonza mu 1928. Tsiku lina ndinalowa nayo m'chipinda chosungiramo katundu, ndipo inayamba kulira pafupipafupi kuposa panja. Mtima unali m'mwamba. Ndinkadziwa kuti ku Kayelekera, ku Karonga, kuli uranium, ndiye ndinati bwanji Dedza? Ndinathamangira kwa ahedi. Titabwerera limodzi tinapeza kuti ikulirira matumba a feteleza wa potash wa m'munda wa mbatatesi. Mu potassium mumakhala kachigawo kochepa kotchedwa potassium-40 kamene kamatulutsa radiation mwachibadwa. Aphunzitsi anzanga ananditcha "a Mgodi" mpaka tsiku limene ndinachoka pasukulupo.

Ndiye usanalembe kalikonse, gwira chingwe chilichonse ndi dzanja lako. Yeza chidacho popanda kanthu kuti udziwe phokoso lake la masiku onse. Bwereza. Ukatero pita kwa mnzako wamakani uja umadandaula nayeyu, umupemphe akutsutse. Akalephera, apo kagogode kwa akuluakulu, ndipo ine ndikhala woyamba kuimba nthungululu, ngakhale ndi ntchito ya amayi.

China ndi cha mayi ako. Anaona chithunzi chako pa WhatsApp ulibe dosimeter ija, kabaji koyezera radiation, pachifuwa, ndipo sanagone. Ndawauza kuti mwina unali panja, koma nanenso sizinandikomere. Radiation siinunkha, siwawa pakhungu nthawi yomweyo, ndiye kabajiko ndi kamene kamakuwerengera zimene thupi lalandira. Wasayansi Marie Curie anamwalira mu 1934 ndi matenda a magazi atagwira radium, yomwe imatulutsa radiation yambiri, kwa zaka zambiri, ndipo mabuku ake olembamo akusungidwa ku Paris m'mabokosi a mtovu mpaka lero. Uzikavala, ndipo usabwereke ka mnzako.

Miyezi ino wotchi yanu ndi yathu ikufanana, choncho uimbe Lamulungu tikaweruka kutchalitchi. Agogo ako akufunsa ngati ufa unapita nawo uja ukadalipo.

Ndine,
Bambo ako