Lole ikakana kulira tisamathamangire kumasula pampu

Akonzi,

Ndiloleni ndilankhuleko ndi anzanga oyendetsa malole kuno ku Zomba, ife onyamula mchenga, njerwa ndi matabwa, chifukwa ndalama zikutithera pa zinthu zoti tikanazipeza tokha. Mmawa wa June kapena July kukazizira mmunsi mwa phirimu umatembenuza kiyi sitata ikuzungulira bwinobwino koma injini osalira, ndiye ena amathamangira kugula batire yatsopano, amakaniko enanso angofika nkumasula pampu ya dizilo ati apite nayo ku Blantyre, lole nkukhala pansi sabata yonse pomwe vuto linali fyuluta yotsekeka basi.

Musanagwire sipanala imani kumbuyo muyang'ane ekizozi mnzanu akuyesa kuliza. Ukamatuluka utsi woyera wonunkha dizilo ndiye kuti mafuta akufika koma sakupsa. Injini ya dizilo ilibe ma plagi a moto ngati ya petulo, imayaka ndi kutentha kwa mpweya wopanikizidwa mu silinda, choncho ma hita plagi, aja otenthetsa mu silinda injini isanalire, akafa nthawi yozizira, kapena injini ikamazungulira mwaulesi, siilira ayi. Malole ambiri amayendera 24 volts, mabatire awiri a 12, imodzi ikafooka kapena ma teminolo akachita dzimbiri zonse zimabwerera mmbuyo.

Koma utsi ukakhala palibiretu, mafuta sakufika, ndipo apa mpomwe ambiri timasochera. Onani fyuzi kaye, mvetserani ngati solenoid ya pa pampu, kachipangizo ka magetsi kotsegulira mafuta, ikugogoda mukatsegula kiyi. Kenako masulani kabawuti ka pamwamba pa fyuluta mupope kapampu ka manja mpaka thovu lithe dizilo atuluke yekha, kubulida kumene, chifukwa lole ikathera mafuta panjira kapena paipi ikang'aluka pang'ono imayamwa mpweya. Komanso tinene zoona, nthawi ya kusowa kwa mafuta tonse timagula dizilo wa m'zigubu mmbali mwa msewu, winayo amakhala ndi madzi, dothi, mwina parafini. Madzi amalemera kuposa dizilo ndiye amakhala pansi pa fyuluta, tsegulani kokhetsera mukhetsere m'botolo loonekera mkati muone nokha. Ineyo ndimati bola lole igone kusiyana nkuthira mafuta osadziwika kochokera, ma nozo opopera dizilo mu silinda ndi pampu mtengo wake ndi wowawa.

Chomwe chimandiopsa kwambiri ndi anyamata omwe amamasula mapaipi a ma nozo pa injini zatsopanozi za common rail, zoyendetsedwa ndi kompyuta, ngati momwe tinkachitira pa zakale. Mphamvu ya mafuta mmenemo imapitirira 1,000 bar, imaboola khungu, munthu atha kutaya dzanja. Injini zimenezi zikakana kulira zimafuna makina owerenga kompyuta ya galimoto, mwina ndi sensa ya crank yomwe yafa. Nayo sitata musaigwire mpaka kununkha, masekondi 15 akwana muyipumitse izizire, ndipo za kupopera sipulei yolizira ma hita plagi ali otentha zimaswa ma ring'i.

Pempho langa lipite kwa a TEVETA ndi eni magalaja a ku Chinamwali, Matawale mpaka ku Songani kuti anyamata ophunzira ntchito aziphunzitsidwa kufufuza vuto asanamasule chinthu, ndipo ife eni malole tizivomera kulipira makaniko ndalama ya kufufuzako ngakhale atapeza kuti ndi fyuzi yokha.

Dalaivala wa lole,
Chinamwali, Zomba