Jezi uyiyike m'chikwama, ukavalire mkati

Mwana wanga,

Moni kuchokera kuno ku Chinamwali. Ife tadzuka, mayi ako mwendo uja wayamba kuchitako bwino moti dzulo anayenda okha mpaka kumsika. Ndaganiza zolemba chifukwa tikamayankhula pa foni umandidula ndi phwete, umangoti adadi musadandaule, nde ndati bola ndilembe uwerenge wekha uli phee, ukafuna uwawerengerenso apongozi anga.

Ndaona chithunzi chija waika pa status, iwe ndi mdzukulu wanga nonse mu jezi zatsopano zofiira psuu, pansi walemba kuti Loweruka tikukawapeza kwawo konko ku Lilongwe. Mwatchena, sindinama, ndipo mtima wanga unakondwa kaye usanayambe kugunda. Matenda a Maule ndinakupatsira ndine. Ine ndinayamba kuyikonda timu imeneyi ikutchedwa Bata Bullets, dzina la Kinnah Phiri tikulimvera pa wailesi ya mabatire, ndipo 2004 ija Bakili Bullets itafika m'magulu a CAF Champions League unandiona wekha mmene ndinkasowera tulo. Nde usaganize kuti akulemba ndi munthu osadziwa kukoma kwa mpira. Sindikukuletsa ulendo. Ndikupempha chinthu chimodzi basi, jeziyo uyipinde uyiyike m'chikwama, ukavale utalowa mkati uli pakati pa anzako, mpira ukatha uvule usanatuluke pa geti.

Ndikudziwa zomwe uyankhe, uti amenewo ndi mantha, sapota weniweni sabisa mtundu. Tandimvera kaye.

Chipsera chili kuseri kwa khutu langa lakumanzerechi, muli ana tinkakuuzani kuti ndinagwa pa njinga ku Matawale. Si njinga ayi, unali mwala. Iwe unali usanabadwe, mchemwali wako ali kumsana. Tinapita koyenda pa lole, malo ake ndi timu yake sinditchula chifukwa sindikufuna ukasunge chidani ndi anthu omwe ambiri a iwo pano ndi agogo ngati ine ndemwe. Masiku amenewo kunalibe zogula jezi m'shopu, ndinavala t-sheti yofiira wamba yomwe mayi ako anasokerera nambala kumbuyo. Tinawina chigoli chimodzi, chochinya kumapeto kwenikweni, eni bwalo nkumati refa waonjezera nthawi dala. Potuluka anzanga analunjika ku lole, ine ndinapatuka pang'ono kuti ndigule chimanga chootcha poti kuchokera m'mawa m'mimba munalibe kanthu, mtunda wake ngati kuchokera pakhomo pathu pano kufika pa mjigo, sunali utali ayi. Anyamata atatu anandifunsa bwinobwino kuti achimwene zatha bwanji, ine ndi chimwemwe changa ndinaimika chala chimodzi m'mwamba ndikuseka. Kenako ndinangomva ngati wina wamenya chitseko cha malata m'mutu mwanga, ndinapezeka ndagwada, chimanga chili uko, m'khosi mukutsika zotentha.

Amene anandipulumutsa ndi mayi wina ogulitsa zitumbuwa, wa komweko, mwinanso ana ake ankachemerera timu yomweyo. Anandikokera kuseri kwa benchi yake, ndipo chinthu choyamba chimene anachita, asanaone ndi bala lomwe, anandivula t-sheti ija. Anayipinda nkuyikanikiza pa balapo, nkundifunditsa chitenje chake, anyamata aja atafika anawakalipira kuti uyu ndi mlamu wanga musiyeni. Anapita. Munthu yemweyo, nkhope yomweyo, magazi akutuluka, koma poti chofiira chija sichimaonekanso analibe nane ntchito. Ndakhala ndikuganiza zimenezi zaka zonsezi. Anyamata aja samandidziwa, samadziwa kuti ndili ndi khanda kunyumba kapena kuti ndimapemphera kuti, iwo amagenda t-sheti, kungoti mkati mwa t-shetiyo munali ine. Anandisoka kuchipatala, ndinakhala masabata awiri osapita kuntchito, ndipo mpaka lero June akafika, kuzizira kukatsika m'phiri muno, khutu limeneli limalira ngati muli njuchi. Mayi uja sindinamuonenso, chitenje chake mayi ako anachisunga mpaka chinatha.

Usati zimenezo nzakale. Kumapeto kwa 2013 pa Balaka Stadium, pompano apa ukangodutsa Liwonde, masewero a Silver Strikers ndi Wanderers anathera mu chipwirikiti, miyala ikuuluka, ndipo munthu mmodzi anataya moyo. Anachoka pakhomo m'mawa ngati mmene uchokere iwe Lowerukali. Kunja nakonso, ku Port Said dziko la Egypt mu February 2012, timu ya Al Ahly inapita koyenda kukasewera ndi Al Masry, mpira utatha anthu anakhamukira mbali yomwe kunakhala alendo, oposa 70 sanabwerere kwawo. Ndipo chodabwitsa eni bwalo anali atawina tsiku limenelo, nde usamati tikaluza ndiye kuli mtendere.

Mkati mwa sitediyamu ine sindiopamo kwambiri. Muli apolisi, muli ma steward, mbali yanu mwakhala mazanamazana mukuimba, palibe angakutole pamenepo. Vala jezi, vala sikafu, imba vuvuzela mpaka milomo itupe. Koma fufuza ndalama ya tiketi ya mbali yoyenera, ndipo ukafika funsa kaye kuti alendo akulowera geti iti, usangotsatira mzere waufupi nkukapezeka wekha ofiira pakati pa anthu abuluu, chifukwa pamenepo timu yako ikachinya thupi limadumpha lokha usanaganize. Zikachitika kuti walowa kolakwika, jezi ikhale m'chikwama momwemo mpaka mpira uthe, manja pamwendo. Palibe amene adzakulembe m'buku kuti sunachemerere.

Poopsa ndi panjira. Kuchokera pa geti kukafika pomwe yaima basi, pa depoti, mu minibasi momwe mwapanikizana anthu osadziwana ena atamwa kuyambira m'mawa, pa kabaza mdima utagwa, pa bala pomwe mwati tingopozako kukhosi. Malo amenewa gulu limakhala lamwazikana, aliyense wayenda yake, wapolisi watsala kumbuyo. Blantyre umayidziwa, ukaona kuti uku kwavuta umadziwa kanjira kotulukira ku Ginnery Corner kapena kokhotera ku Chichiri. Lilongwe wapitako kangati? Ukachoka pa Bingu kapena pa Silver Stadium ku Area 47 kuja zitavuta, ungathawire kuti, ukagogoda pa geti ya ndani? Akuluakulu anati kwa eni kulibe mkuwe. Ndiponso pali nkhani ija ya mankhwala, ukuyidziwa mmene imatenthetsera mitu mu mpira wathu, mlendo ovala mtundu wa timu akangoima nthawi yaitali pafupi ndi geti ya osewera, botolo la madzi m'manja, wina angokuwa kuti akuthira uyu, basi palibenso ofunsa kuti m'botolomo muli chani. Usamazungulirezungulire kumeneko, lowa ukakhale.

Komanso ulendo obwerera ndi wautali, usiku, Nathenje, Dedza, Lizulu, Ntcheu, Chingeni, Zalewa. Basi ya masapota imaonekera patali, mbendera pawindo, nyimbo, ena atulutsa mitu, ndipo pa trading centre paliponse pali anthu amene amvera mpira omwewo pa wailesi ndipo sanagwirizane ndi refa. Mwala ukabwera umafikira okhala kuwindo. Basi ikaima kuti anthu ataye madzi kapena agule tchipisi, usapite patali wekha, ine pa chimanga paja ndi pomwe ndinalakwitsa. Nkhanga zinapangana kusanapse, nde musanalowe mu sitediyamu pangana ndi anzako awiri atatu odziletsa, osati aja amayamba kachasu basi isanadutse Lunzu, kuti tikasochererana tikumana pakuti. Foni ikhale yotchaja, mayunitsi alimo, kandalama kena pa Mpamba kapena Airtel Money, kena m'thumba lina osati momwe muli foni, kuti basi ikakusiya usakagone panja.

Pakamwa napo. Jezi utha kuvula koma mlomo umayenda nawo. Mwawina, munthu wakufunsa zatha bwanji, ungoti zinali bwino achimwene timu zonse zasewera, nkumapita. Zonyozana zija mumachita pa Facebook ndi m'magulu a WhatsApp, kutchulana maina, kujambula anthu akulira, zimakoma uli pa mpando kunyumba kwako. Pamaso pa munthu amene waluza, mwinanso waluza ndi ndalama ya ndiwo ku betting, mawu omwewo ndi machesi. Ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo ukutsata, agogo ako ankakonda kunena zimenezi. Ndipo chonde zoika live kuti tili pakuti tikudya apa, dikira ufike kunyumba.

Pali china chimandivuta kunena. Tsiku lina, zaka zingapo chichitikireni changa chija, anyamata ena omwe tinakwera nawo galimoto imodzi anamuzungulira mnyamata panjira chifukwa anavala shati yabuluu. Amalira kuti sadziwa za mpira, akuchokera ku kwaya, Baibulo lili m'manja. Anamung'ambira shatiyo. Ine amene ndinafunditsidwapo chitenje ndi mayi osandidziwa, ndinakhala m'galimoto ndikuyang'ana kumbali. Chimenechi chimandiwawa kuposa khutu. Nde ndikamati samala sindikunena kuti oipa ndi a timu zina zokha, Manoma, ma Bankers, kaya a timu za asilikali ngati Red Lions yathu ya kuno ku Zomba, ayi, ambiri mbali zonse amangofuna kuonera mpira nkubwerera kwa ana awo, ndipo osokoneza aliponso mbali zonse kuphatikizapo basi imene ukwereyo. Ukaona anzako ayamba kutola miyala choka pamenepo, chifukwa apolisi akafika amatola aliyense ovala mtundu umenewo, satenga nthawi kufunsa anagenda ndani, ndipo iwe uli ndi ntchito yoti Lolemba ukaonekere. Ukatha kumuchotsa munthu m'manja mwawo osadziika pa moto, mchotse. Undichitireko chimene ine ndinalephera.

Tsopano za mdzukulu wanga. Apa sindikupempha, ndikukana. Mwana wa zaka 7 asapite ulendo umenewu. Ukukumbuka 6 July 2017 pa Bingu National Stadium pomwepo, tsiku lokumbukira ufulu, kolowa ulere, kunali mpira wa Bullets ndi Silver. Mageti anachedwa kutsegulidwa, anthu anakankhana, utsi okhetsa misozi unaponyedwa, anthu 8 anafa ndipo ambiri mwa iwo anali ana. Pamenepo panalibe nkhani ya jezi kapena udani, kunali kuchuluka kwa anthu basi, koma taona amene anapsinjika ndani. Chikhamu chikayamba kuthamanga wamkulu amaona kolowera, mwana amangoona miyendo, ndipo dzanja lake limapulumuka m'dzanja lako olo ugwire bwanji. Utsi uja wamkulu umamulizitsa, nanga kamwana kali ndi chifuwa chija chimamuvuta nthawi yozizira? Ukafuna kumuonetsa mpira yamba ndi wa pakhomo, masana, timu yosakokana nayo kwambiri, mukhale pafupi ndi potulukira, mutuluke mphindi zochepa mpira usanathe kapena mudikire anthu athe kaye. Nthawi yoyenda naye kutali idzakwana, ine ndidzakhala oyamba kumugulira tiketi ngati Mulungu andisunga.

Mayi ako atamva kuti ndikulemba apita pa kaunjika mu tauni akugulira shati yotuwa ya manja aatali, yopanda cholembedwa chilichonse, akuti ndi saizi yako. Achapa, ayisita, ili pa mpando apa. Asankha yotuwa dala, akuti yofiira, yabuluu, yachikasu, zonsezi kuno kwathu anthu amaziwerenga, akapanda kuwerenga mpira awerenga chipani. Ukavala imeneyi pamwamba kapena kusinthiratu, ukuoneka ngati munthu ochokera ku ukwati kaya kuntchito, palibe akuyang'ane kawiri. Penti kumaso usapake, siivulika pa geti.

Nde tipange chonchi. Lachisanu ukaweruka kwera minibasi ku Limbe ubwere naye mwanayo kuno, ola limodzi ndi pang'ono mwafika, ndikakudikirani pa siteji. Agone ndi agogo ake, jezi yake abwere nayo, Loweruka tikhala pakhonde ine ndi iye wailesi pakati, avale mpaka kogona palibe amufunse. Iwe utenge shati yako, m'mawa udzere ku Liwonde ndi Balaka ukakumane ndi anzako pa Chingeni ngati angakudikire, apo ayi ubwerere ku Blantyre usiku omwewo ukanyamuke nawo. Ukalowa mu sitediyamu undiflashe, ukakwera basi yobwerera undiflashenso, ukafika pakhomo imba olo ikhale 2 koloko usiku, foni ndigona nayo kumutu ndipo mayi ako ukuwadziwa sagona mpaka amve mawu ako.

Upereke moni kwa apongozi anga, uwauze ufa uja tagayitsa udzatengera limodzi.

Ndine bambo ako.